Demokalase Timaidziwira Pati? Zimene Ndinayankhula Pamsonkhano wa Kalabu

  

Ndiyambe ndi kuulula kuti mutuwu sindinaupemphe ayi, unandigwera chifukwa cha pakamwa panga pomwe. Masabata awiri apitawo, titamaliza kusesa pamsika paja, tinakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kukangana. Wina anati, “Ife tili mu demokalase, si tinavota?” Mnzathu wina anaseka n'kuyankha kuti, “Demokalase yakoyo inakuguliraponi sopo?” Ine ndinalowererapo mwaphuma, ndipo a Tcheyamani anangoti, “Poti ukudziwa, udzatifotokozere pamsonkhano.” Ndiye ndi ine pano. Si ine katswiri wa ndale. Ndangomaliza kumene Fomu 4 ngati ambiri a inu. Zimene ndinene pano ndi zimene ndawerenga, zimene ndafunsa kwa agogo anga, ndi zimene tonse taona ndi maso athu.

Kusukulu tinaloweza kuti mawu akuti demokalase anachokera ku Chigiriki, demos ndi anthu, kratos ndi mphamvu. Pamayeso tinakhoza. Koma tanthauzo limeneli silikuthandiza ukafuna kudziwa ngati dziko lakutilakuti lili mu demokalase kapena ayi, chifukwa palibe boma limene limavomera kuti likulamulira anthu mokakamiza. Lililonse limati, “Anthu ndi amene anatituma.” Dziko la North Korea lili ndi mawu akuti demokalase m'dzina lake lenileni, komabe banja limodzi lakhala likulamulira kumeneko kuyambira mu 1948, gogo, mwana, tsopano mdzukulu. Choncho dzina tilisiye, silitiuza kanthu.

Nanga kuvota? Apa ndi pamene agogo anga aakazi anandidabwitsa. Nditawafunsa kuti anayamba liti kuvota, ndinkayembekeza kuti anena 1993 kapena 1994. Iwo anati, “Iwe, ife tinkavota nthawi ya Kamuzu yomwe.” Ndipo n'zoona. Zisankho za aphungu zinachitika mu 1978, 1983, 1987 ndi 1992. Mabokosi analipo, mizere inalipo, ndipo aphungu ena ankagwadi. Koma onse opikisana anali a chipani chimodzi cha MCP, chifukwa kuyambira mu 1966 lamulo silinkalola chipani china. Mpando wa mtsogoleri wa dziko sunkapikisanidwa n'komwe, poti mu 1971 Dr Kamuzu Banda anaikidwa kukhala pulezidenti wamuyaya. Agogo akuti pakhomo la msika pankaima anyamata a yufi, ndipo wopanda khadi la chipani sankalowa kukagula ngakhale mchere. Ndiye anthu ankavota, inde, koma voti yawo sinkatha kukhudza amene anali ndi mphamvu zenizeni.

Ku South Africa kunali mtundu wina wa vuto lomweli. Nthawi ya tsankho zipani za azungu zinkapikisana ndithu, mavoti n'kuwerengedwa, koma anthu akuda, amene ndi ochuluka m'dzikolo, sankaloledwa kusankha boma mpaka mu Epulo 1994. Chisankho chimene ambiri atsekeredwa kunja sichingapangitse dziko kukhala la demokalase.

Tsono ngati si dzina, ndipo si kuvota kokha, n'chiyani? Ine ndafika pa funso limodzi, ndipo ndikupemphani kuti mukaiwala zina zonse, ili lokha mulisunge: kodi amene ali pampando angathe kugonja, n'kuchoka mwamtendere, chifukwa choti anthu wamba atero? Ngati yankho ndi inde, dzikolo lili panjira ya demokalase. Ngati yankho ndi ayi, kaya avote kangati, ndi mwambo chabe. Zinthu zina zonse zimene tinaphunzira, monga ufulu woyankhula, makhothi oima paokha ndi zipani zotsutsa, zilipo n'cholinga choti yankho la funsoli likhale inde. Tiyeni tizione chimodzichimodzi, ndipo zitsanzo sitikazisaka kutali, zili kwathu konkuno.

Choyamba, pamafunika kuti munthu athe kunena kuti “sindikugwirizana nazo” n'kukagona kunyumba kwake. Kale sizinali choncho. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula umphawi, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa, boma linati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Mwezi wotsatira, a Chakufwa Chihana anamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe atangotsika, chifukwa chofuna zipani zambiri. Taonani, anthu sangachotse mtsogoleri ngati palibe amene akuloledwa kunena zolakwa zake, komanso ngati palibe wina woti n'kuikapo m'malo mwake. N'chifukwa chake riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ili yofunika kwambiri. Tsiku limenelo anthu anapatsidwa zizindikiro ziwiri, tambala wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho, a Bakili Muluzi anapambana, ndipo Kamuzu, munthu amene ankatchedwa wamuyaya, anavomera kugonja n'kuchoka. Kaya timamuona bwanji, tsiku limenelo yankho la funso lathu lija linakhala inde koyamba.

Chachiwiri, voti iyenera kukhala ya aliyense wamkulu, yachinsinsi, ndipo iwerengedwe mmene inaponyedwera. Kuno aliyense wokwanitsa zaka 18 amavota, wolemera ndi wosauka voti imodziimodzi. Koma kuponya ndi theka chabe la ntchito. Mukukumbukira 2019? Ambiri a ife tinali ku pulayimale kapena Fomu 1, koma mawu oti tipeksi tinawamva tonse. Chisankho cha pa 21 Meyi chitatha, bungwe la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika apambana. A Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera anakadandaula kukhothi. Mlandu unatenga miyezi, anthu akumvera pawayilesi m'magolosale ndi m'maminibasi. Pa 3 Febuluwale 2020, majaji asanu anagamula kuti zolakwika zinali zochuluka zedi, kuphatikizapo mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi tipeksi, ndipo analamula kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso pasanathe masiku 150. Khothi Lalikulu la Apilo linagwirizana nazo mu Meyi, ndipo pa 23 Juni 2020 anthu anavotanso, a Chakwera n'kupambana. Mu Africa muno, khothi la ku Kenya linali litafafanizapo chisankho cha pulezidenti mu 2017, koma kuno n'kumene wotsutsa anapambana pa chisankho chobwereza.

Chigamulo chomwecho chinabweretsanso chinthu china. Kale munthu ankatha kukhala pulezidenti ndi mavoti ochepa, bola waposa anzake. Mu 2014 wopambana anapeza mavoti 36 mwa 100 alionse, kutanthauza kuti ovota ambiri anasankha anthu ena. Khothi linati “ambiri” amene malamulo akunena ndi kupitirira theka la mavoti onse, ija timati 50+1. Choncho masiku ano munthu sangadalire chigawo chake chokha, ayenera kukapempha voti ngakhale kumene sayankhula chinenero chake.

Chachitatu, pamafunika kuti pakati pa chisankho ndi chisankho pakhale wina wotha kuuza mtsogoleri kuti “ayi”. Zaka zisanu ndi zambiri, anzanga. Munthu wopanda womuletsa angathe kugwiritsa ntchito zaka zimenezo kutseka njira zonse zomuchotsera. Malamulo oyendetsera dziko lino amati pulezidenti alamulire materemu awiri otsatizana basi. Mu 2002 panabwera bilu yofuna kuchotsa malire amenewa kuti a Muluzi aimenso. Mipingo, mabungwe ndi ophunzira anakana. Pa 4 Julayi biluyo inalowa m'Nyumba ya Malamulo, inapeza mavoti 125 pamene inkafunika 128. Inagwa ndi mavoti atatu okha. Atatu! Aphungu atatu akanangosintha maganizo tsiku limenelo, mwina lero tikanakhala tikukamba nkhani ina.

Mu Epulo 2012 malamulo anayesedwanso. A Bingu wa Mutharika atamwalira mwadzidzidzi, malamulo ankati wachiwiri wawo ndi amene atenge mpando. Koma wachiwiriyo, mayi Joyce Banda, anali atachotsedwa kale m'chipani cholamula, ndipo nduna zina zinayesa kuwatsekereza. Asilikali anaima kumbali ya malamulo, ndipo pa 7 Epulo mayiwo analumbira. Phunziro lake ndi lakuti mu demokalase mpando si wa chipani, si wa banja, ndipo amene ali ndi mfuti amamvera lamulo, osati munthu.

Chachinayi, anthu ayenera kudziwa zimene zikuchitika, ndi kutha kusonkhana n'kudandaula. Ungamuweruze bwanji munthu amene ntchito zake sukuzidziwa? Apa ndi pamene atolankhani, mawayilesi osiyanasiyana ndi mafoni athuwa amalowera. Tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga kumaofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ndifunse, ndi angati muno amene anapitapo kukhonsolo kukafunsa mmene ndalama za chitukuko cha m'dera lathu zayendera? Inenso sindinapiteko. Ufulu ulipo, koma ukuchita dzimbiri. Ndipo tisaiwale kuti ufulu wochita zionetsero unalipiridwa ndi magazi ngakhale mu ulamuliro wa zipani zambiri womwewu. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri ataomberedwa. Boma limene linalipo nthawi imeneyo linali losankhidwa, linapambana bwino lomwe mu 2009. Kusankhidwa sikupatsa munthu chilolezo chochita chilichonse.

Chachisanu n'chimene timakonda kuiwala: wogonja akhale wotetezeka. Taganizani, ngati kugonja kukutanthauza kuti akuotchera nyumba, akuchotsa abale ako ntchito, dera lako silionanso msewu, ndani angavomere kugonja? Aliyense angamenye nkhondo mpaka kufa. Mtsogoleri amachoka mwamtendere akadziwa kuti mawa adzadzuka ali mfulu, ndipo akafuna adzayesanso. A Peter Mutharika anagonja mu 2020, anakhala m'dziko momwe muno, anaimanso pa 16 Sepitembala 2025 n'kupambana, ndipo a Chakwera anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Sindikunena kuti uyu ndi wabwino, uyo ndi woipa, muno muli okonda mbali zonse ndipo kalabu yathu si ya chipani. Ndikungoti tiwerenge: 1994, 2014, 2020, 2025. Kanayi konse pulezidenti amene ali pampando wagonja pa chisankho n'kuchoka. Maiko ambiri a mu Africa sanaonepo zimenezi ngakhale kamodzi.

Ndiye tinene kuti zonse zili bwino? Ayi ndithu. Ndikanama ndikatero. Malamulo athu poyamba anali ndi gawo 64, lolola anthu kuchotsa phungu amene sakugwira ntchito nthawi yake isanathe. Aphungu omwewo analichotsa mu 1995, ndipo mpaka lero silinabwerere. Makhansala, amene ndi oyandikana nafe kwambiri, tinakhala opanda iwo kuyambira 2005 mpaka 2014, zaka zisanu ndi zinayi, dziko likutchedwa la demokalase. Ambiri timavotabe poyang'ana kumene munthu akuchokera, osati zimene wachita. Ndipo pali nkhani ya zoninkha nthawi ya kampeni, imene lamulo la zipani la 2018 linaletsa, koma tonse tikudziwa zimene timaona.

Apa ndisaloze ena chala. Nthawi ya kampeni ine ndemwe ndinakwera lole kupita kumsonkhano wa chipani china. Sindinapite kukamvera mfundo ayi. Anati kuli malaya ndi kangachepe. Tinaimba, tinavina, tinalandira, ndipo ndalamayo inathera pa bando ndi tchipisi tsiku lomwelo. Zimene ananena pansanja sindikukumbukapo ngakhale chimodzi. Nditafika kunyumba agogo anayang'ana malaya aja n'kundifunsa kuti, “Kodi wagulitsa zingati?” Ndinaseka, koma usiku zinandiwawa. Iwo ankagula khadi mokakamizidwa, ine ndinakwera lole mwa kufuna kwanga. Mtsogoleri amene wazolowera kuti achinyamata amagulika ndi malaya saopa kugonja. Ndipo mtsogoleri akasiya kuopa kugonja, funso lathu lija layamba kale kupendekera ku ayi, ngakhale malamulo onse ali m'malo mwake.

Tsopano ndiyankhe mnzathu wa sopo uja, chifukwa funso lake si lachibwana. Zinthu zakwera mtengo. Tagonapo pamizere ya mafuta. Ambiri muno tili ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama koma ntchito palibe, malo a ku yunivesite ndi ochepa. Munthu wanjala ukamuuza za ufulu woyankhula akhoza kukuyang'ana ngati wopenga. Achimwene, mukunena zoona, demokalase sitidya. Siilonjeza kuti nsima ipsa bwino. Chimene imakupatsa ndi mphamvu yosintha wophika akapsereza, komanso ufulu wonena kuti nsimayi ndi yosapsa popanda kumenyedwa. Mwina muziona ngati zazing'ono, koma funsani agogo anu mmene zinalili pamene njala inalipo koma kuitchula unali mlandu. Ndipo ngati tasintha ophika kanayi koma nsima ikadali yomweyo, tidzifunsenso ifeyo: timawasankha poyang'ana chiyani, ndipo tikawasankha timawalondola kapena timangodikira zaka zisanu zithe?

Ndimalize ndi za pakhomo pathu pano, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwezi wamawa kalabu yathu ili ndi chisankho. N'zosavuta kudzudzula a ku Lilongwe, koma tiyeni tiyese funso lomwe lija pa ife eni. Kodi a Tcheyamani athu angathe kugonja? A Tcheyamani, musandiyang'ane choncho, si kuti ndikukuchotsani, mwagwira ntchito ndipo tonse taiona. Ndikufunsa za dongosolo. Chaka chatha tinavota pokweza manja, ofuna mpando atakhala kutsogolo akutiyang'ana. Ndani angakweze dzanja kutsutsa munthu amene amamubwereka njinga? Ndiye ndili ndi mapempho anayi.

Tivote pamapepala, mwachinsinsi, ndipo mavoti awerengedwe pompano aliyense akuona, osati kuseri. A Msungichuma atiwerengere buku la ndalama chisankho chisanachitike, zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, ndipo amene afunse funso asatengedwe ngati mdani. Tilembe m'malamulo a kalabu kuti munthu akhale pampando umodzi kangati, ndipo tilembe tsopano pamene sitikudziwa amene apambane. Pomaliza, atsikana ndi anzathu amene alowa kumene apatsidwe mpata woima ndi woyankhula, chifukwa kalabu imene amayankhula ndi anyamata asanu okhaokha sikusiyana ndi maiko aja otsekera ambiri kunja.

Pali pempho lina limene ndikudzipempha ndekha. Enanu mukukumbuka kuti chaka chatha ndinaima pa mpando wa mlembi ndipo ndinagonja. Ndinatani? Ndinajomba miyezi iwiri, pagulu la WhatsApp ndinangoti zii, ndipo kumbali ndinkauza anthu kuti panali chinyengo, pamene ndinalibe umboni ngakhale umodzi. Chilungamo chake n'chakuti a Mlembi anandiposa basi. A Mlembi, pepani. Amene anakadandaula mu 2019 anapita kukhothi ndi mapepala m'manja, ine ndinapita kuseri ndi miseche. Mukaona kuti china chalakwika pa chisankho chathu, bwerani nacho poyera ndi umboni. Ngati palibe, gwiranani chanza ndi wopambana, ndipo Loweruka lotsatira mubwere ndi tsache lanu monga mwa nthawi zonse.

Anthu amene adzakhale makhansala, aphungu, majaji ndi owerenga mavoti zaka 20 zikubwerazi ali m'makalabu ngati ino lero. Amene waphunzira kubisa buku la ndalama za kalabu sadzasintha akadzagwira buku la khonsolo. Amene waphunzira kugonja n'kubweranso, ameneyo tingamukhulupirire ndi mpando waukulu.

 Amene muli ndi mafunso kapena mukutsutsa zimene ndanena, nenani momasuka, pano kapena mundipeze tikaweruka. Makamaka inu achimwene a sopo, ndikudziwa kuti simunakhutire, ndikukudikirani.